Kuseri kwa Wadiropu

– Halo?

– Halo, achemwali? Mukundimva?

– Chitsirizira! Ndi iwe? Dikira kaye nditseke mpopi. Eya, yankhula tsopano. Waswera bwanji?

– Ndaswera, kaya inu?

– Ifenso taswera bwino. Koma wasowatu iwe. Ndimati mwina foni unagulitsa.

– Foni ilipo, mayunitsi ndi amene amandithawa. Alamu ali bwanji?

– Alamu ako ali bwino. Alawirira ndi lole kukatenga simenti. Paja abwana awo aja safuna kuona munthu atakhala pansi. Nanga bambo a Kabwana abwera?

– Akadali kuntchito kuja. Akuti mwina mwezi ukatha.

– Amuna a masiku ano, kunyumba amangobwera ngati alendo. Mashini osokera aja akulira koma?

– Akulira pang'onopang'ono. Dona ali bwanji?

– Iii, ameneyo usachite kufunsa. Masaya tuu! Mayunifolomu unamusokera aja athina kale. Dzulo amapikisana ndi anyamata kukwera mpanda, ine kukuwa mpaka mawu kusasa.

– Chifuwa chija sichikumuvutanso?

– Chinatheratu. Chisamukireni kuno sanatsokomoleko ngakhale tsiku limodzi.

– Chisamukireni.

– Eya. Ndikutanthauza kuti akukula. Ana akamakula, timatenda tambiri timangochoka tokha. Tsono diresi langa lija lili pati? Ukwati wa mnzanga uja wayandikiratu, usandichititse manyazi.

– Ndalidula kale, kwatsala kulumikiza manja. Koma ndayamba ndalichapa, lili pachingwe.

– Kuchapa diresi losavala? Wayamba liti ukhondo umenewo?

– Limanunkha. Nsalu zonse zimene ndimasunga kuchipinda zikununkha ngati thumba lonyowa. Mayi wina wandibwezera siketi yake, akuti ili ndi timadontho takuda m'mphepete. Wati sadzabweranso.

– Aaa, makasitomala enanso ndi ovuta. Nyengo ya mvula ili chonchi paliponse. Kamwana kanga Kabwana kali bwanji? Kandipatse ndikamve mawu.

– Wagona. Tinali kuchipatala lero.

– Kuchipatala? Iwe, nthawi yonseyi tikukamba za madiresi? Watani mwana?

– Chifuwa. Chinayamba ngati chimfine, koma pano akamapuma mukumveka kulira m'chifuwa ngati kamwana ka mphaka. Nthiti zikuchita kulowa mkati. Lero m'mawa milomo inasintha mtundu, ndinangomubereka ndi kuthamanga, patapata wina kumusiya pakhomo.

– Mayo ine! Ndiye akuti chiyani?

– Amuika pa mpweya, kenako atipatsa kopopera mkamwa kaja. Akuti zikuoneka ngati mphumu.

– Mphumu kwathu kulibe. Zimenezo ndi za kuchimuna.

– Anamwino anandifunsa mafunso ambiri. Pali wosuta fodya m'nyumba? Ndinati ayi. Mumaphikira m'chipinda chogona? Ndinati ayi. Kenako anati, nanga chinyontho, makoma ake ndi ouma? Pamenepo ndinakumbukira fungo la kuchipinda lija.

– Anamwino amafunsa zilizonse, ndi ntchito yawo. Iwe umufunditse bwino, usamamusambitse madzulo, ndipo... halo? Ukudukaduka.

– Ine ndikukumvani bwinobwino.

– Chabwino, yabwerera. Netiweki ya kuno imachita zofuna zake.

– Eni nyumba anali pano.

– Alandilodi? Anadzatani pakati pa mwezi?

– Ndinawaitana ndine. Ndinati bwerani mudzaone khoma la kuchipinda, lamera nkhungu. Anabwera ndi nsapato zawo zonyezimira, kuima pakhomo la chipinda, mpango pamphuno. Mkati sanalowe.

– Ndiye anati bwanji?

– Anati vuto ndi langa. Akuti mbali ya mwini nyumba ndi denga, mapaipi ndi ming'alu. Koma nkhungu ya m'chipinda ndi ya wokhalamo. Akuti sinditsegula mawindo, ndimayanika matewera m'nyumba, ndimasita zovala ndi nthunzi, ndiponso ndinagunditsa katundu kukhoma osasiya mpata.

– Komatu pa mawindo pamenepo sanalakwe, Chitsirizira. Iwe chiyambire umaopa mphepo ngati nkhuku yodwala.

– Mawindo ndimatsegula tambala akangolira. Matewera ndimayanika panja, ikagwa mvula ndimaika pakhonde. Mbali yanga ndimaidziwa, achemwali. Kukolopa, kutsegula, kunena msanga ndikaona chovuta, zonsezo ndachita. Koma madzi akutuluka mkati mwa khoma. Kuseri kwake ndi kubafa. Ukagwira pamenepo dzanja limanyowa ngakhale kunja kuli dzuwa loswa mtengo. Imeneyo ndi paipi, ndipo paipi anena okha kuti ndi yawo.

– Unawauza choncho?

– Ndinawauza. Anaseka. Anati, mayi, m'nyumba muno munakhala achemwali anu enieni zaka zingapo, sanabwereko ndi dandaulo. Inu chaka sichinathe, khoma lawola. Ndiye akuti ndipale ndekha, ndimate, ndipake penti, apo ayi mwezi ukatha ndituluke, alowetse anthu odziwa kusamala nyumba.

– Amangoopseza amenewo. Ndi mmene amayankhulira, mtima wawo si woipa. Ndiwauza alamu ako awanyengerere.

– Sindikufuna kunyengerera munthu. Ndikufuna ndikufunseni inu. Nthawi imene munkakhala muno, nkhungu simunaionepo?

– Nkhungu? Aaa, mwina pang'ono kubafa, m'makona. Nyumba iliyonse imatero.

– Kuchipinda?

– Kuchipinda sindikukumbuka.

– Fungo simunalimvepo?

– Iwe, wasanduka wapolisi? Ndati sindikukumbuka. Mwana akudwala, m'malo moti tikambe za mwana...

– Tikukamba za mwana. Ndasuntha wadiropu munandisiyira ija.

– Wasuntha? Ndinakuuza chiyani ine? Ndinati usamaigwedeze, miyendo yake ndi yofooka, idzakugwera!

– Munanenadi. Munanena tsiku lolowa, munanenanso nditafuna kuika bedi la mwana pakona paja. Munati ika bedi pambali pake, wadiropu isiye pomwepo. Ine ndinamvera. Koma lero pochokera kuchipatala ndinaitana mayi a khomo linalo, tinatulutsa zovala, tinakankha. Miyendo yake ndi yolimba kuposa yanga, achemwali. Sinalire n'komwe.

– Mwina alamu ako anaikonza osandiuza.

– Mukudziwa zimene tapeza? Khoma lonse bii, kuyambira pansi mpaka kupitirira mutu wanga. Zina zaubweya, zina zobiriwira. Mayi aja anathawira panja kukalavula. Penti watupa, ndikangokhudza akusupuka ngati khungu lopsa. Pansi pa penti woyerayo pali nkhungu ina yakale, youma. Munthu anapaka penti pamwamba pake osapala n'komwe.

– Ndi alandilodi amenewo. Anthu a nyumba za lendi amatero, amapaka penti wina akamalowa.

– Pamene mutu wa Kabwana umakhala ndi pamene pathera wadiropu. Usiku uliwonse wakhala akupuma zimenezo.

– Pepa, mng'ono wanga. Pepa ndithu. Ukanadziwa bwanji? Tsono tamvera, mayunitsi ako akutha, dula ndikuimbire madzulo alamu ako akabwera.

– Ndagula okwanira lero. Nsalu ya patebulo ija munaipeza?

– Nsalu iti?

– Yapulasitiki, ya maluwa a mpendadzuwa. Imene ndinakupatsani pa ukwati wanu.

– Iii, za kalekale. Ndinakuuza kuti inasowa posamuka. Zimenezo zabwera bwanji apa?

– Nthawi imeneyo ndinali ndikuphunzira kumene kusoka. Ndinaikulungira riboni yofiira m'mphepete monse. Pulasitiki inali yolimba, singano inathyoka pakona, ndinabwereza mzere, unapindika. Munandiseka pamaso pa anthu, munati telala wathu amasoka ngati njira ya woledzera. Koma munaiyala, mlendo aliyense mumamuonetsa kona imeneyo.

– Ndikukumbuka. Nanga lero...

– Ili pamwendo pangapa. Ndaichotsa kumsana kwa wadiropu. Inakhomedwa ndi timisomali ting'onoting'ono, mwadongosolo, mbali zonse, maluwa kuyang'ana kukhoma. Halo?

– Ndilipo.

– Ndimayesa netiweki yathawanso.

– Ndilipo, ndati.

– Alandilodi sakhoma nsalu ya patebulo kumsana kwa wadiropu ya munthu. Ndiuzeni, achemwali, anakhoma ndani?

– Chitsirizira, nkhani zina si za pafoni.

– Anakhoma ndani?

– Alamu ako. Ine ndinangogwirizira.

– Chifukwa chiyani?

– Thabwa la kumbuyo linayamba kufufuma. Wadiropu imeneyo inali ya ndalama zambiri, ukudziwa iwe. Tinati tiitchinge isawole. Zinali kale zimenezo, tisanaganize n'komwe zosamuka.

– Ndiye kuti munkadziwa kalekale.

– Tinkadziwa kuti pamanyowa. Sitinkadziwa kuti...

– Dona ankagona pati?

– Iwe!

– Ankagona pati Dona? Si pambali pa wadiropu pomwe paja? Ndinkabwera ine kudzakuthandizani kumunyamula, inu maso atatupa ndi tulo. Tinkati mwana ali ndi chifuwa chobadwa nacho. Ine kumusokera timajuzi, kumusokera tizipewa. Lero mwandiuza nokha, chisamukireni sanatsokomoleko. Munazindikira liti kuti ndi khoma?

– Adokotala ena anatiuza kuti mwina ndi nyumba. Mwina! Sanati ndithu.

– Eni nyumba munawauza?

– Tinawauza, osati kamodzi. Anati kuswa khoma ndi kusintha paipi ndi ntchito yaikulu, adzachita mvula ikatha. Mvula inatha, inabweranso. Kenako Dona atagonekedwa m'chipatala, alamu ako anakalira ku ofesi kwawo, paja eni nyumbawo ndi abwana awo omwe. Abwana anati chabwino, nyumba yanga ina yatsala pang'ono kutha, mukalowe imeneyo. Koma iyi isagone yopanda munthu ngakhale tsiku limodzi, mundipezere wolowa, munthu wopanda phokoso. Anatipatsa chitini cha penti.

– Munthu wopanda phokoso. Ndiye munayang'ana uku ndi uku, n'kuona ine.

– Usanene choncho! Waiwala mmene unkakhalira? Kachipinda kamodzi, mashini pomwepo, mbaula pomwepo, iwe uli ndi pakati potopa, chimbudzi cha anthu a mpanda wonse. Unkalira pafoni pomwe pano. Ndinati mng'ono wanga apeze pogona pa ulemu. Tinapaka penti, panaoneka poyera, ndinati mwina zatha.

– Zikanakhala kuti zatha, wadiropu mukanaisiya? Inu amene munakangana ndi alamu chifukwa cha mpando wothyoka, kuti nawonso ukwere lole?

– Inali mphatso.

– Ndinavina, achemwali. Mukukumbuka? Ndi mimba yanga ija ndinavina pakati pa chipinda. Ndinauza aliyense kuti mkulu wanga wandisiyira nyumba ndi wadiropu yomwe. Bambo a Kabwana anakugulirani nsalu yothokoza. Inu munalandira ndi manja awiri.

– Ndimafuna ndikuuze. Mulungu akudziwa. Tsiku lililonse ndimati ndimuuza mawa. Kenako unachira, mwana anali wathanzi, wonenepa, ndinati mwina Dona yekha ndiye anali wofooka. Ukanakhala iwe ukanatani? Mwana wako akubanika, khomo lotulukira ndi limodzi?

– Ndikanatuluka, inde. Koma ndikanakutsinani khutu. Mawu atatu okha: mwana asagone kuchipinda. Basi. Nyumba ndikanalowabe, ndinalibe kwina. Tikanagona pabalaza, chipinda chikanakhala chosungira makatoni. Koma munandilozera ndi chala chanu poika bedi.

– Pakona inayo pali windo, ndimaopa mphepo...

– Musandipake phula m'maso, ndakula. Mukanandilola kuika bedi pamene ndinkafuna, wadiropu ikanasuntha, ndipo ndikanaona.

– Chabwino, ndinalakwa. Wamva? Ndinalakwa. Ubwere kuno ndi mwana, mudzagone ndi Dona mpaka apeze bwino. Zinazo tikambirana ngati anthu apachibale. Chibale ndi fupa, Chitsirizira, sichiwola.

– Mwambi umenewo usungeni kaye. Ine ndili ndi pempho limodzi. Eni nyumba abweranso Loweruka kudzamva yankho langa. Mubwere. Mudzaime pakhomo la chipinda chija, mudzanene pamaso pawo zimene mwandiuzazi: kuti munawauza za paipi, kuti anakupatsani penti. Akamva zimenezo sangandikankhirenso mlandu. Akonze khoma lawo, ine ndisatuluke ngati wakuba ndi mwana wodwala kumsana.

– Loweruka?

– Loweruka m'mawa.

– Loweruka ndi tsiku la ukwati uja.

– Ukwati ndi wa Loweruka linalo. Diresi ndikusoka ndine.

– Chitsirizira, tamvetsa. Nyumba tikukhala ino ndi yawo. Lole imene alamu ako amayendetsa ndi yawo. Ndikakatsegula pakamwa pamenepo, Lolemba alamu ako alandidwa makiyi, mwezi ukatha tili panja. Tikapita kuti ndi Dona? Ukufuna tonse tigwere m'dzenje limodzi?

– Ndiye ndigweremo ndekha.

– Sindinatero. Alamu ako angabwere Lamlungu ndi anzawo, apale bwinobwino, apake penti wamafuta, wolimba uja. Penti tigula ife. Alandilodi akaona poyera, nkhani yatha.

– Penti winanso.

– Pongoyembekezera! Mpaka mutapeza kwina.

– Kenako ine ndipeze munthu wopanda phokoso, ndimusiyire wadiropu. Eti? Tilibenso mng'ono wina, achemwali. Ine ndine chitsirizira.

– Mawu amenewo ndi olasa. Ine amene ndinakusambitsa, kukuperekeza kusukulu, mashini ako oyamba...

– Ndi chifukwa chake zikuwawa. Akanakhala alandilodi okha, ndikanangotukwana n'kugona tulo. Iwo ndi munthu wa malonda, sanandilonjezepo chikondi. Koma pamene ankanena kuti achemwali anu sanadandaulepo, ine ndinawayankha mokweza kuti mkulu wanga akanaona chinthu chotere akanandiuza. Ndinakuikirani kumbuyo, nsalu yanu ili kuseri kwa chitseko, nditaibisa kuti asaione. Ndimati mwina pali chifukwa china. Ndimati ndikaimba foni mundiuza nokha ndisanafunse. Ndakupatsani mpata kangati lero?

– Ndimachita mantha.

– Inenso m'mawa ndimachita mantha, panjira, ndikumugwedeza kuti asatseke maso.

– Dikira. N'chiyani chikumvekacho? Ndi iyeyo?

– Wadzuka.

– Akutsokomola moumatu. Ali kuti? Usandiuze kuti ali kuchipinda!

– Ali pabalaza. Matiresi ndakokera kuno.

– Mudzutse, usamusiye chagada. Mukhazike tsonga pamwendo pako, aweramire kutsogolo pang'ono. Mumasule mabatani a pakhosi. Kopoperako ukagwedeze kaye, upope kamodzi, udikire apume, kenako upopenso. Chitseko cha kuchipinda utseke, pansi pake utsekepo ndi thaulo lonyowa kuti fungo lisadutse. Ukaona pakhosi pakulowa mkati, usadikire, thamanga. Ukundimva?

– Ndikumva. Mpaka za thaulo mukuzidziwa.

– Chitsirizira...

– Anamwino sanandiuze za thaulo. Zimenezo munthu amaphunzira m'nyumba muno.

– Ndikubwera. Ndikwera basi pompano, ndikubwera.

– Mukabwera lero mudzapeza chitseko chotseka. Tsiku lobwera ndakuuzani.

– Loweruka sindingathe, mng'ono wanga. Ndakuuza chifukwa chake. Pempha china chilichonse.

– Chabwino. Alamu akaweruka, muwauze adutse kuno ndi lole ija adzatenge wadiropu yanu. Ndaitulutsa, ili pakhonde. Diresi lanu ndiliika mkati momwemo, manja mukapeze wina alumikize.

– Usatero, iwe. Wadiropu ndinakupatsa ndi mtima...

– Musadandaule nayo, ndaiyang'ana paliponse. Kumbuyo kwake n'kouma gwa, kulibe kadontho ngakhale kamodzi. Munaiteteza bwino, achemwali. Mwana akundifuna.

– Dikira kaye, usadule. Ndiimbire akapeza bwino, wamva? Ngakhale kungofulasha, ndiimba ndine. Chitsirizira? Halo? Halo?